Mbiri ya Khomo Lotakata: M'mene Olumala a ku Amereka Anapezera Malo m'Nyumba za Boma

MAU OYAMBA

Munthu wa miyendo yolimba saganizira za makwerero atatu a pakhomo. Amangokwera, natsegula citseko, nalowa. Koma kwa munthu woyenda pa cikuku, ndiyo njinga ya olumala, makwerero atatu omwewo ali ngati linga. Nyumbayo ingakongole cotani, lendi yace ingacepe bwanji, iye sangathe kugonamo.

M'nkhani ino tilongosola mbiri ya malamulo a dziko la United States, limene ambiri timangoti Amereka, onena za nyumba zomangidwa ndi cithandizo ca Boma. Tiona m'mene anthu olumala, osaona ndi osamva anatsegulira makomo a nyumbazo, ndi cifukwa cace m'caka ca 2023 Boma linayamba kufunsa anthu za kukonzanso malamulowo. Mfundo ya mbiri yonseyi ndi imodzi: nyumba yomangidwa ndi msonkho wa anthu onse iyenera kulowedwa ndi anthu onse. Kunena mau amenewa n'kwapafupi, koma kuwasandutsa khomo lenileni kwatenga zaka zambiri.

NYUMBA ZA CITHANDIZO CA BOMA

Kuyambira m'caka ca 1929 dziko la Amereka linagwa m'umphawi waukulu. Mafakitale anatsekedwa, nchito zinatha, ndipo mabanja ambiri anasowa pogona. Cotero m'caka ca 1937 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lakuti Boma lizipereka ndalama zomangira nyumba za anthu osauka. M'caka ca 1965 anakhazikitsa Unduna woyang'anira nyumba ndi mizinda, umene pacidule amaucha HUD.

Kayendetsedwe kace ndi kotere. Boma lalikulu la ku Washington kawirikawiri silimanga lokha ai. Limapereka ndalama kwa mabungwe a nyumba a m'mizinda, kapena kwa eni nyumba amene abvomera kusunga anthu osauka. Wokhala m'nyumbamo amalipira pafupifupi magawo 30 mwa magawo 100 a ndalama zimene apeza, ndipo Boma limakwaniritsa zotsalazo. Zambiri za nyumbazi ziri m'midadada ikuluikulu, ina yosanjikizana, m'mene banja liri lonse liri ndi citseko cace.

Pulezidenti amene anasaina lamulo la 1937 anali Franklin Roosevelt. Iyeyo miyendo yace inafa ndi nthenda m'caka ca 1921, ndipo ankayenda pa cikuku, koma sanafune kuti anthu azimuona ali pamenepo. Kalelo kulumala kunali cinthu cobisa, ngakhale kwa mtsogoleri wa dziko. Nyumba zimene zinamangidwa m'zaka zimenezo zinali ndi makwerero pakhomo, zitseko zopanikiza ndi zimbudzi zothina. Olumala ambiri ankasungidwa m'zipatala ndi m'nyumba zosungiramo odwala, kutali ndi abale ao, kufikira imfa.

ASILIKALI OBWERA KU NKHONDO

Nkhondo Yaciwiri ya dziko lonse itatha m'caka ca 1945, anyamata ambiri anabwerera kwao atathyoka msana kapena ataduka miyendo. Kale munthu wothyoka msana sankakhalitsa ndi moyo, koma tsopano mankhwala atsopano anawaciritsa zilonda. Anali acinyamata, anafuna kuphunzira, kugwira nchito ndi kukwatira. Dziko limene anakalimenyera nkhondo silikanatha kuwabisa.

M'caka ca 1948 mphunzitsi wina, dzina lace Timothy Nugent, anayamba kulandira ophunzira otere pa sukulu ya ukacenjede ya Illinois. Pambali pa makwerero anamanga njira zotsetsereka za matabwa, kuti cikuku cizikwera. Anayesanso mosamala kuti aone njira yotani imene munthu angakwere ndi mphamvu ya manja ace okha, ndi khomo lotani limene cikuku cingapite osakhula zala za mwini wace.

Kucokera pa kuyesa kumeneku, m'caka ca 1961 munatuluka buku loyamba la miyeso ya kamangidwe koganizira olumala. Miyeso iwiri ya m'bukumo inachuka kwambiri. Woyamba ndi wakuti khomo, citseko citatsegulidwa, lisacepere mainchesi 32, ndiwo masentimita 81. Waciwiri ndi wakuti njira yotsetsereka italike mafiti 12 pofuna kukwera futi imodzi. Tsono mmisiri sakanathanso kunena kuti sadziwa cocita. Koma bukulo linali langizo cabe. Wofuna analitsata, wosafuna analisiya pa alumali.

LAMULO LOYAMBA NDI NDIME 504

Ku Nyumba ya Malamulo ku Washington kunali mlembi wina wochedwa Hugh Gallagher, amene anadwala poliyo ali mnyamata m'caka ca 1952. Iye ankathandiza phungu wa cigawo ca Alaska, Bambo Bartlett. Tsiku ndi tsiku ankabvutika kulowa m'nyumba za Boma ndi cikuku cace. Cotero analemba mau a lamulo, phungu uja nawatengera ku msonkhano wa aphungu. Pa 12 Ogasiti, 1968, Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo lakuti nyumba zomangidwa ndi ndalama za Boma lalikulu zikhale zoti olumala angathe kulowamo. Koma panalibe woyang'anira wamphamvu, ndipo omanga ambiri anapitirira monga kale.

Cinthu cacikulu cinacitika m'caka ca 1973. Aphungu anapanga lamulo lothandiza olumala kuphunzira nchito. Pulezidenti Richard Nixon anali atakana kawiri malamulo ofanana nalo, ati cifukwa ca kuculuka kwa ndalama, koma pa 26 Sepitembala analisaina. Kumapeto kwa lamulolo kunali ndime yaifupi, ya nambala 504. Tanthauzo lace linali lakuti bungwe liri lonse lolandira ndalama za Boma lisapatule munthu, kapena kummana cithandizo, cifukwa ca kulumala kwace kokha.

Mau a ndimeyi anatengera lamulo la 1964 loletsa kusankha anthu cifukwa ca khungu lao. Apa ndi pamene maganizo anatembenuka. Kale anthu ankati wolumala afunika kumcitira cifundo. Tsopano lamulo linati afunika cilungamo, ndipo akamanidwa angathe kudandaula ngati nzika ina iri yonse.

MASIKU A KU SAN FRANCISCO

Ku Amereka lamulo la aphungu limangonena mutu wa nkhani. Pambuyo pace Unduna uli wonse uyenera kulemba malamulo ang'onoang'ono ofotokoza cocita: ndani amange ciani, pofika liti, ndipo wokana alangidwe bwanji. Popanda amenewa, Ndime 504 inali ngati khasu lopanda mpini. Pafupifupi zaka zinai zinapita, malamulowo osasainidwa, pakuti masukulu ndi zipatala zinkadandaula kuti kukonza nyumba zao kudzadya ndalama zambiri.

Pa 5 Epulo, 1977, olumala analowa m'maofesi a Unduna wa za umoyo ndi maphunziro m'mizinda ingapo, nakhala pansi, nakana kutuluka. M'mizinda ina anacoka patapita tsiku limodzi kapena awiri. Koma ku San Francisco anthu oposa 100 anakhalabe, motsogozedwa ndi amai awiri oyenda pa zikuku, Judith Heumann ndi Kitty Cone. Anagona pansi m'maofesi, ena opanda mankhwala ao, ena opanda owatembenuza usiku monga anazolowera kwao.

Akulu a ofesi anadula matelefoni ndi madzi otentha. Pamenepo osamva anaima pa mazenera, nalankhula ndi anzao a kunja m'cinenero ca manja, ndipo uthenga unatuluka ndithu. Osaona anakankha zikuku, oyenda pa zikuku nawawerengera makalata. Cipani ca anthu akuda ca Black Panther cinabweretsa cakudya cotentha tsiku ndi tsiku. Akulu akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo m'nyumba muja mau amenewa anaoneka ndi maso. Pa 28 Epulo Nduna Joseph Califano inasaina malamulowo osawafooketsa, ndipo patapita masiku awiri anthu aja anatuluka akuimba.

MALAMULO A NYUMBA A 1988

Malamulo a 1977 anali a Unduna umodzi. Unduna wa nyumba unacedwa koposa. Malamulo ace a Ndime 504 anatuluka m'mwezi wa Juni, 1988, patapita zaka 15 cisainire lamulo lija. M'zaka zonsezo midadada yambiri inamangidwa mwa kamangidwe kakale.

Nazi mfundo zikuluzikulu za malamulo a 1988. Pomanga mdadada watsopano wa nyumba 5 kapena kuposa ndi cithandizo ca Boma, nyumba 5 mwa 100 ziri zonse zikhale zokonzedwera obvutika kuyenda, ndipo ngakhale mdadada ucepe, isasowe imodzi. Kuonjezera apo, nyumba 2 mwa 100 zikhale zokonzedwera osaona ndi osamva. Mwacitsanzo, belu la pakhomo ndi belu locenjeza za moto likhale ndi nyali yophethira, kuti wosamva aone ndi maso cimene ena akumva ndi makutu.

Nyumba zoterezi zisaunjikidwe pa ngodya imodzi, koma zimwazike pakati pa zinzace, kuti olumala asakhale ngati mudzi wapadera. Imodzi ikakhala yopanda munthu, ayambe kuipereka kwa woisowa amene ali kale pamalopo, kenaka kwa woisowa wa pa mndandanda wa odikira. Mdadada wakale wa nyumba 15 kapena kuposa ukamakonzedwa ndi ndalama zofika magawo atatu mwa anai a mtengo womangira watsopano, uwerengedwe ngati watsopano. Ndiponso munthu akapempha cosowa cace, monga citsulo cogwirira m'bafa, mwini mdadada wolandira ndalama za Boma alipire yekha, pokhapokha ngati mtengo wace ndi wolemetsa kopitirira muyeso.

Miyeso yotsata pomanga inali ya m'buku la Boma la 1984 lochedwa UFAS. M'menemo analembamo kutakata kwa makomo, kutalika kwa masinki, ndi malo otembenukira cikuku, amene anati akhale mainchesi 60. Dzina limeneli mulisunge, pakuti tikomana nalonso.

M'caka comweco ca 1988 Pulezidenti Ronald Reagan anasaina lamulo lina lokhudza ndi nyumba za eni ace zomwe. Linaletsa kukaniza munthu nyumba cifukwa ca kulumala. Linatinso midadada ya nyumba 4 kapena kuposa, yoyamba kukhalidwa pambuyo pa 13 Malichi, 1991, ikhale ndi polowera popanda copinga, makomo otakata, poyatsira magetsi pofikika, ndi makoma a m'bafa olimba oti n'kukhomapo zogwirira. Ngati mdadada uli ndi cikepe, lamuloli likhudza nyumba zonse; ngati ulibe, likhudza za pansi zokha. Ndipo pa 26 Julayi, 1990, Pulezidenti George H. W. Bush anasaina lamulo lalikulu la ufulu wa olumala lochedwa ADA, lokhudza nchito, masitolo, mabasi ndi maofesi a maboma a zigawo ndi mizinda.

AMAI AWIRI A KU GEORGIA

M'cigawo ca Georgia munali amai awiri, Lois Curtis ndi Elaine Wilson, amene anasungidwa m'cipatala ca odwala maganizo. Madokotala ao anabvomereza kuti angathe kukhala kunja pakati pa anthu, atapatsidwa cithandizo coyenera. Koma zaka zinapita iwo ali m'cipatala momwemo. Mlandu wao, umene umadziwika ndi dzina lakuti Olmstead, unafika ku Bwalo Lalikulu la Milandu la dziko lonse. Pa 22 Juni, 1999, oweruza anagamula kuti kutsekera wolumala kutali ndi anthu popanda cifukwa cokwanira ndiko tsankho loletsedwa ndi lamulo.

Ciweruzo cimeneci cinakulitsa nkhani ya nyumba. Munthu angauzidwe kuti ali ndi ufulu wotuluka m'cipatala, koma atuluke apite kuti? Ambiri a anthu otere ndi osauka, ndipo nyumba zimene angathe kulipira ndi zomwe zija za cithandizo ca Boma. Zikasowa nyumba zolowa cikuku, ufulu uja umathera pa pepala.

LAMULO PA PEPALA NDI KHOMO LENILENI

Kodi malamulo onsewa anatsatidwa? Osati ponse ai. Mumzinda wa Los Angeles mabungwe a olumala anasumira akulu a mzindawo, nati midadada yambiri yomangidwa ndi ndalama za Boma inalibe nyumba zimene lamulo linalamula. M'caka ca 2016 mzindawo unabvomera kupereka nyumba 4,000 zokonzedwera olumala m'zaka 10, ndi kuonongerapo madola osacepera 200 miliyoni. Cimene cikanacitika ndi ndalama zocepa pomanga, cinadzafuna kugumula makoma.

Kufufuza kwa Boma kwa caka ca 2011 kunaonetsanso kuti mwa nyumba zonse za m'dzikomo, za Boma ndi za eni ace pamodzi, zokonzeka bwino lomwe kuti woyenda pa cikuku akhalemo sizinakwane imodzi mwa 100. Komanso kalembera wa 2020 anapeza kuti munthu mmodzi mwa 6 ali onse ku Amereka anali wa zaka 65 kapena kuposa. Ukalamba umadza ndi mawondo olema, maso acimbuuzi ndi makutu ogontha. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe: amene anathamanga pa makwerero dzana, lero afuna cogwirira.

ZA KUKONZANSO MALAMULO

Lamulo limakalamba monga nyumba. Pofika caka ca 2023, malamulo a 1988 anali atakhala zaka 35 osasinthika kwenikweni, ndipo miyeso ya UFAS inali ya zaka 39. M'zaka zimenezo zinthu zambiri zinasintha.

Coyamba, zikuku zinasintha. Miyeso yakale inayesedwa pa cikuku copalasa ndi manja, koma ambiri anayamba kuyenda pa zikuku za magetsi, zazitali ndi zolemera. N'cifukwa cace buku la miyeso la amisiri la 2017 linakuza malo otembenukira m'nyumba zatsopano kucokera pa mainchesi 60 kufika pa 67. Caciwiri, mabuku a miyeso anaculuka. Lamulo la ADA linalandira miyeso yace yatsopano m'caka ca 2010, ndipo m'caka ca 2014 HUD inalola omanga kutsata imeneyo m'malo mwa UFAS, kupatula mfundo zina. Mmisiri mmodzi anayenera kuwerenga mabuku angapo pomanga bafa limodzi. Cacitatu, anthu anayamba kufunsira nyumba ndi kulipira lendi pa intaneti, cinthu cimene olemba malamulo a 1988 sanaciganizire. Ngati tsamba la pa kompyuta silinakonzedwe kuti makina owerengera osaona aliwerenge, ndiye kuti pabadwa makwerero ena atsopano, osaoneka ndi maso.

Cotero pa 25 Epulo, 2023, HUD inalengeza m'nyuzi ya Boma kuti ifuna kukonzanso malamulo ace a Ndime 504, nipatsa anthu masiku 90, kufikira pa 24 Julayi, kuti alembe maganizo ao. Inafunsa mafunso monga awa: Kodi titsate miyeso iti pomanga? Tidziwe bwanji ngati nyumba zokonzedwera olumala zikukwanira pamalo? Ndi zipangizo zotani zimene zingathandize osaona ndi osamva kulankhulana ndi eni midadada? Nanga n'ciani cimene cimaletsa otuluka m'zipatala kupeza nyumba pakati pa anthu?

Pa nkhani yotere maganizo sakhala amodzi. Olumala ndi mabungwe ao amati nyumba 5 mwa 100 n'zocepa, poona kuculuka kwa okalamba ndi kutalika kwa mndandanda wa odikira. Omanga ndi oyang'anira midadada amati ndalama zimene Boma lipereka n'zowerengeka, midadada yambiri ndi yakale, ndipo muyeso uli wonse woonjezedwa umakweza mtengo. Onse awiri ali ndi mfundo. Koma mbiri ya ku Los Angeles iphunzitsa kuti khomo lotakata n'lochipa polimanga poyamba, ndipo n'lodula polikuza pambuyo.

Tiyenera kuzindikira kuti cilengezo ca 2023 sicinali lamulo ai. Mwa mwambo wa dzikolo, Unduna ukamva maganizo a anthu umalemba mau a lamulo limene ufuna, nuwaonetsanso kwa anthu, ndipo pambuyo pace pokha ndi pamene lamulo lotsiriza limatuluka. Ulendo umenewu ungatenge zaka, ndipo boma likasintha ungaime panjira. Unduna wa za umoyo unatsiriza kukonza malamulo ace a Ndime 504 m'mwezi wa Meyi, 2024, patapita zaka 47 kucokera pa masiku aja a ku San Francisco.

MAU OTSIRIZA

Tikayang'ana m'mbuyo tiona njira yonse. M'caka ca 1961 kunabwera miyeso, mu 1973 kunabwera ufulu, mu 1977 kunabwera malamulo oyamba oupatsa mano, ndipo mu 1988 kunabwera ciwerengero ca nyumba. Pa sitepe iri yonse panali olumala eni ace: asilikali a ku Illinois, mlembi wa ku Washington, anthu ogona pansi ku San Francisco, ndi amai awiri a ku Georgia. Palibe cimene cinadza cokha.

Tiphunziranso kuti mau okoma sakwanira. Kunena kuti anthu onse ndi ofanana sikulowetsa cikuku m'nyumba. Cimene cimacilowetsa ndi muyeso wolembedwa, mmisiri woutsata, ndi woyang'anira wobwera ndi tepi kudzayesa ngati khomo lafikadi mainchesi 32. Ndipo muyesowo uyenera kuonedwanso pakapita nthawi, pakuti anthu amasintha, zipangizo zao nazonso zimasintha. Mwini nyumba wanzeru sadikira kuti denga ligwe. Amakwera kukafolera mvula isanadze.